Tsiku logula, kuchapa, kudya kunja ndi kusaka pogona pagombe la Oregon

Funso

Ndimakhala ku Tacoma, m'chigawo cha Washington. Makolo anga abwera kuchokera ku Zomba kudzationa, ndipo mu August tabwereka RV (galimoto yaikulu yogonamo, yokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi) ya mafiti 30 kuti tikawaonetse gombe la Oregon. Tilipo asanu ndi mmodzi: ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi makolowo. Tinapeza malo masiku atatu ku Nehalem Bay State Park, ndi ena atatu ku Honeyman, kufupi ndi Florence, kuyambira Lachisanu. Usiku wa Lachinayi tilibe pogona. Tsiku lomwelo tikufuna kugula zakudya, kuchapa, kuthira petulo ndi gasi, komanso kukadyetsa makolo nsomba ku lesitilanti ku Newport. Bambo a kunyumba akuti pogona tikapeza konko madzulo. Kodi zonsezi zingatheke tsiku limodzi? Tiyambe ndi chiti?

Yankho

Zingatheke ndithu, amayi, koma mndandanda wanuwo muutembenuze: chimene bambo achikankhira kumadzulo ndicho chiyambe. Mawu akuti "tikapeza konko" ndimawadziwa bwino chifukwa anatulukapo pakamwa panga. Chaka changa choyamba kuyenda ndi RV pagombe limeneli ndinathera masana onse ndikujambula nyanja, kenako kuyambira 6 koloko madzulo n'kumalowa kampu iyi, kutuluka, kulowa iyo, paliponse chikwangwani chomwecho: "Campground Full". Tinakaima cha m'ma 11 usiku pakampu ina ya munthu, pamalo otsetsereka pafupi ndi mabini a zinyalala, ana atagona ndi njala, mayi awo osandiyankhulitsa. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malo ogona omwe simunalipire ndi fodya wapachala, ndipo inu mwanyamula makolo.

Gombeli limadzaza tho mu August chifukwa cha kutentha kwa kumtunda. Anthu ambiri a ku Oregon amakhala m'chigwa cha Willamette, ku Portland, Salem ndi Eugene, komwe masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 35, pamene kunyanja kumangoima pa 16 kapena 18. Kukangotentha onse amatsetserekera kunyanja, ndipo misewu yomwe amatsikira imathera m'matauni omwe inu mudutsemo: msewu wa 6 umafikira ku Tillamook, wa 18 kufupi ndi Lincoln City, wa 20 ku Newport. Komanso makampu a boma la Oregon amayamba kubukitsa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, nthawi ya 6 koloko m'mawa. Ndiye kuti malo a August anthu anawalimbirana mu February. Omwe mukusaka inu panopa ndi malo amene eni ake abweza. Mwayi wanu ndi wakuti usikuwo ndi wa Lachinayi. Obwera pakati pa sabata amakhala akunyamuka, a kumapeto kwa sabata asanafike, choncho pamatsala timipata ta usiku umodzi tomwe ambiri satifuna. Likanakhala Lachisanu kapena Loweruka ndikanakuuzani kuti musinthe ulendo wonse.

Kusakako kuyambe lero, mukadali ku Tacoma. Ndipo musayambire kutali. Yang'anani kaye ku Nehalem Bay komweko ndi ku Honeyman komweko ngati usiku wa Lachinayi ulipo, ngakhale pa nambala ina. Kusamuka kuchoka pamalo amodzi kupita pena m'kampu yomweyo ndi ntchito ya mphindi 20. Mukapeza ku Nehalem, Lachinayi lonse likhala la ntchito zanu ku Tillamook popanda mtima kukhala m'mwamba. Mukapeza ku Honeyman dziwani kuti ndi ulendo wa mamailosi pafupifupi 150, womwe pa RV umadya maola oposa anayi, ndiye kuchapa kuchotsedwe pamndandanda.

Zikakanika mbali zonse ziwirizo, maso akhale pa Newport, yomwe ili mamailosi pafupifupi 95 kuchokera ku Nehalem. Kumene ine ndikanafuna kuti mugone ndi ku South Beach State Park, mamailosi awiri okha kumwera kwa tauni mukawoloka mlatho. Ili ndi malo oposa 200 a magetsi ndi madzi, ndi pathyathyathya, ndipo kampu ikakhala yaikulu obweza malo amachulukanso. Yachiwiri ndi Beverly Beach, mamailosi 7 kumpoto kwa Newport, m'nkhalango, komwe malo ena ndi a full hookup, kutanthauza magetsi, madzi ndi paipi ya zoipa pamalo panu pomwepo. Devil's Lake ili m'kati mwa Lincoln City koma malo a RV ndi ochepa. Beachside, kumwera kwa Waldport, ndi yokongola koma malo ake ambiri ndi aafupi. Onsewa mumawapeza pa intaneti, patsamba lobukitsira la ReserveAmerica. Tillicum Beach, pakati pa Waldport ndi Yachats, ndi ya nkhalango ya Siuslaw, choncho imabukitsidwa pa Recreation.gov, ndipo ilibe mabafa osambira. Kenako pali kampu ya doko, ya Port of Newport, pafupi ndi maboti ku South Beach. Si yokongola, magalimoto amangondandana ngati padepoti, koma ili ndi makina ochapira, ndipo zimenezo zikuchotserani ntchito imodzi masana.

Polemba pa intaneti ikani utali weniweni wa galimoto, mafiti 30. Musachepetse kuti malo aoneke ambiri. Ndinaonapo munthu akubwezedwa chifukwa mphuno ya RV yake inatulukira mumsewu wa m'kampu. Musadabwenso mtengo ukakwera kumapeto: kuyambira 2022 anthu osakhala ku Oregon amalipira 25 peresenti yowonjezera pamalo a RV m'makampu a boma, ndipo inu a ku Washington muli m'gulu limenelo. Tsegulani tsambalo m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, makamaka sabata yomaliza, pamene anthu amakhala akusintha maganizo.

Tiyerekeze kuti Lachinayi lafika mulibe kanthu. Musananyamuke, khofi ali m'manja, yang'ananinso, chifukwa kuyambira 2024 makampu a boma amalola kubukitsa pa intaneti tsiku lomwelo. Ikakwana 9 koloko imbirani makampu a anthu a ku Lincoln City, Depoe Bay, Newport ndi Waldport. Imbani, musangodalira zomwe zalembedwa pa intaneti. Wapaofesi amadziwa amene wangonyamuka kumene. Funsaninso ngati ali ndi dry camping, poimika chabe popanda magetsi ndi madzi, pakuti usiku umodzi RV imadzidalira yokha. Ndipo mugwirizane awirinu za malire a nthawi: ikafika 12 koloko masana, malo alionse omwe alipo mutenge, kaya ndi odula kaya ndi osakongola. Kusaka kuchitike muli m'tauni, chifukwa m'zigwa zina za msewu wa 101, msewu waukulu wa kugombe womwe muyendemo, netiweki imangoti zii. Chimene ndikukuletsani ndi kuyenda ndi galimoto kampu ndi kampu kukaona ndi maso. Kulowa ndi kutuluka kamodzi pa RV ya mafiti 30 kumadya theka la ola ndi petulo wa madola angapo, pamene foni imayankha funso lomwelo m'mphindi ziwiri.

Wina akuuzani kuti mutha kungoima pamalo oonera nyanja m'mbali mwa msewu, kapena pashopu yaikulu. M'malo oonera nyanja ambiri muli zikwangwani zoletsa kugona, ndipo matauni ambiri a kugombe ali ndi malamulo awoawo oletsa zimenezi. Pamalo opumulira a msewu waukulu, omwe amati rest area, lamulo la Oregon limalola maola 12, koma kugombe kuno malo otere ndi osowa. Kugogodedwa pawindo 2 koloko usiku ndi wapolisi, agogo ali m'kati, si nkhani yoti akaifotokoze ku Zomba. Zikavutitsitsa lowerani kumtunda pa msewu wa 20, cha ku Toledo ndi kupitirira, komwe anthu sathithikana ngati m'mphepete mwa madzi.

Tsopano ntchito zija. Yoyamba ili pakampu pomwepo, ndipo simunaitchule: kutaya madzi oipa. Ku Nehalem Bay malo ali ndi magetsi ndi madzi koma alibe paipi ya zoipa, ndiye anthu asanu ndi mmodzi masiku atatu mathanki akhala atadzaza. Nthawi yotulukira m'makampu a boma ndi 1 koloko masana, choncho kuyambira cha m'ma 11 pa dump station pamakhala mzere. Inu mufikepo isanakwane 9. Valani magolovesi, lumikizani paipi molimba, tsegulani kaye thanki ya kuchimbudzi, yomwe amati black, ikatha mutseke, kenako mutsegule ya madzi otsukira mbale ndi osamba, yomwe amati gray, kuti madzi asopowo atsuke paipi. Paipi ya madzi yomwe ili pamenepo ndi yotsukira basi, isakhudze thanki ya madzi akumwa. Madzi akumwawo mudzaze pamalo panu musanachoke, chifukwa simukudziwa ngati usiku mukhala pampopi. Thanki yake imakhala ya magaloni pafupifupi 40, malita 150, omwe amatha tsiku limodzi anthu akamasamba m'galimoto. Uzani aliyense asambe m'mabafa a kampu m'mawawo. Ndi aulere kwa ogona momwemo. Musanalize injini zungulirani galimoto yonse: chingwe cha magetsi, paipi ya madzi, chinsalu chamthunzi, mazenera a padenga, zitseko za m'mbali. M'kati onani kuti furiji yatsekeka bwino. Mazira khumi ndi awiri pansi pa RV pakona yoyamba ndinawakolopapo.

Kuchoka ku Nehalem mudutsa Wheeler, Rockaway Beach, Garibaldi ndi Bay City, mamailosi pafupifupi 25, n'kufika ku Tillamook. Ntchito zonse zichitikire kuno, osati ku Newport. Tillamook ndi tauni ya alimi a ng'ombe zamkaka, mudzaimva ndi mphuno musanaione, ndipo malo ake oimikapo magalimoto ndi otakasuka chifukwa anazolowera mathirakitala ndi malole. Cha kumpoto kwa tauni, m'mbali mwa 101, kuli fakitale ya tchizi ya Tillamook Creamery, ya bungwe la alimi lomwe linayamba mu 1909. Kulowa n'kwaulere, poimika RV palipo, ndipo pamwamba pali mawindo oonera mmene tchizi amadulidwira ndi kukutidwa. Makolo akasangalala nazo. Koma fikani akangotsegula ndipo mudzipatse mphindi 45, chifukwa masana mzere wa ayisikilimu wokha ungakudyereni ola.

Kuchapa ndiko kumadya nthawi kuposa zonse. Ngati mwapeza kampu yokhala ndi makina, kusiyeni kufikira madzulo. Ngati mukagona m'kampu ya boma, dziwani kuti kumeneko makina ochapira simuwapeza, ndiye zovala zilowe m'makina ku Tillamook musanayambe china chilichonse, makina atatu kapena anayi nthawi imodzi, munthu mmodzi atsale nazo ali ndi foni, ena apite kogula. Ndi ntchito ya ola ndi theka. Tengani makobidi a 25 cents ambiri. Makina ena salandira khadi. Mayi anu mwina anena kuti n'kuononga ndalama, iwo achapa ndi manja n'kuyanika. Muwauze kuti kuno chiperoni ndi cha tsiku ndi tsiku. Thaulo lomwe mwayanika madzulo mumalipeza m'mawa litanyowa kuposa mmene munalisiyira.

Kogula kuli Fred Meyer m'mbali mwa msewu womwewo, momwe mupeza zakudya, mankhwala, mabulangete ndi mankhwala othira m'thanki ya chimbudzi pamalo amodzi. Imikani kumapeto kwenikweni kwa bwalo, galimoto itayang'ana kotulukira, kuti musadzafunike kubwerera m'mbuyo. Inu a ku Tacoma mukondwa pakauntala: Oregon ilibe msonkho wa pamalonda, mtengo wolembedwa pashelefu ndi womwe mumalipira. Koma pa botolo kapena chitini cha zakumwa zambiri amaonjezera 10 cents ya dipoziti, monga tinkachitira ndi mabotolo a Fanta kwathu, ndipo amakubwezerani mukabweza mabotolowo pamakina a pashopu. Tengani zikwama zanu, majumbo apulasitiki analetsedwa kuyambira 2020. Gulani za masiku atatu okha. Furiji ya RV ndi yaing'ono ndipo imachedwa kuziziritsa mukaidzaza zofunda, komanso ku Florence mashopu aliko. Chokhacho chomwe muchoke nacho ku Tacoma ndi ufa. M'mashopu a kugombe mumapezeka mgaiwa wachikasu wokhakhala ndi ufa wa masa wa anthu a ku Mexico, womwe chimanga chake amachiphika ndi laimu, ndipo nsima yake bambo anu aiona ndi diso limodzi.

Za gasi, yang'anani kaye geji. Pa RV yamtundu wanuwu thanki ya propane inamangiriridwa pansi pa galimoto, siichotsedwa n'kusinthanitsa ngati silinda ya kunyumba. Muyenera kupita komwe kuli wantchito wothira, aliyense atsike, moto wonse uzimitsidwe, ndipo amathira kufika pa 80 peresenti basi, musaganize kuti akuberani. Gasiyo amayendetsa chitofu, furiji mukakhala pamsewu, chotenthetsa madzi ndi hita. M'chilimwe thanki imodzi imatha kukwana sabata. Geji ikakhala pamwamba pa theka, ntchito imeneyi ifufuteni.

Petulo yekha musamuzengereze. Galimoto zimenezi zimayenda mamailosi 8 kapena 10 pa galoni, ndipo jenereta imazima yokha thanki ikatsika kufika pa kota, zomwe zingakupwetekeni mukagona popanda magetsi. Sankhani filingi siteshoni poyang'ana potulukira, osati mtengo wokha, ndipo kumbukirani kuti kumbuyo kwa RV kumakhotera mbali ina pamene mutu ukukhotera kwina. Zimitsani furiji ya gasi musanayandikire pampu. Utali wopita m'mwamba, womwe umakhala pafupifupi mafiti 12, muulembe papepala n'kulimata pafupi ndi chiwongolero. M'malo ogulira chakudya muli m'galimoto musalowemo n'komwe. Wantchito akabwera kudzakuthirirani musadabwe. Kuyambira 1951 mpaka 2023 m'madera ambiri a Oregon munthu sankaloledwa kudzithirira yekha, ndipo mpaka pano mafilingi siteshoni ambiri ali ndi othira. Bambo anu adzangoti koma ndiye ngati kwathu.

Yesetsani kutuluka m'Tillamook isanakwane hafu pasiti 12. Kukafika ku Newport ndi mamailosi pafupifupi 70, koma muwerengere maola awiri ndi pang'ono. Msewu umayamba walowa kumtunda, kudutsa Beaver, Hebo ndi Cloverdale, kenako n'kukwera phiri la Cascade Head. Mapu akuonetsani njira yokongola ya Three Capes, lero isiyeni. Lincoln City ndiyo idzakuyeseni mtima. Inapangidwa mu 1965 polumikiza timatauni tisanu, ndiye ndi yaitali ngati njoka, mamailosi 7 a maloboti. Magalimoto akachuluka kumbuyo kwanu patukani pamalo opatukira oyamba, monga mumachitira ku Washington akakwana asanu. Ndipo galimoto ikamayenda aliyense akhale pampando atamanga lamba. Agogo adzafuna kukagona pabedi lakumbuyo kapena kuteleka tiyi, muwakanize mwaulemu. Popumira pabwino ndi pa Boiler Bay, musanalowe m'Depoe Bay, pomwe pali bwalo lozungulira lokwana RV. Apatseni ana buledi ndi zipatso pamenepo, maso ali panyanja, chifukwa m'chilimwe anamgumi ena amakhala chakonko osapitirira ulendo wawo wa ku Alaska. Mukadutsa Depoe Bay khalani pa 101, kamsewu ka Otter Crest Loop n'kopapatiza.

Tifike pa chakudya. Idyani masana, pakati pa 2 ndi 4 koloko, osati usiku. Chifukwa choyamba n'chakuti mulibe galimoto ina. Mukafika pakampu n'kulumikiza magetsi ndi madzi, kuwongola galimoto, kutulutsa mipando, ndiye kuti kupita kukadya kumafuna kumasula zonsezo n'kudzabwerera m'mbuyo mumdima. Chachiwiri, m'makampu a boma nthawi yolowera ndi 4 koloko madzulo, choncho maola amenewa ndi opanda ntchito kale. Chachitatu, tebulo la anthu asanu ndi mmodzi ku Newport madzulo a August mumalidikira mpaka ana kuyamba kulira, pamene 3 koloko mumangolowa n'kukhala.

Malo odyera otchuka ali ku Bayfront, mumsewu wa Bay Boulevard, komwe kuli Mo's yomwe inayamba mu 1946, ndi Local Ocean yoyang'anana ndi maboti. Koma RV isatsikire kumeneko. Ndi doko la ntchito, msewu ndi wopapatiza, malole a nsomba ndi mafolokolifiti amadutsana ndi alendo oyenda pansi. Imikani kumtunda, m'misewu yotakata ya kufupi ndi 101. Achinyamata atsike wapansi, koma chitundacho n'chotsetsereka, ndiye makolo muwaitanire takisi. Ndi ulendo wa mphindi zochepa. Ngati zimenezo zikuchulukirani, kutsidya kwa mlatho, m'mbali mwa 101 momwemo, kuli South Beach Fish Market, malo wamba odyera pamabenchi, omwe amaphika nkhanu panja m'miphika ikuluikulu.

Musanaitanitse, ganizirani za m'kamwa mwa makolo. Chakudya chomwe aliyense amatchula kuno ndi clam chowder, supu wolemera wa nkhono za m'nyanja, mkaka ndi mbatatesi, ndipo kawirikawiri amaikamo nyama yankhumba. Ngati makolo ndi a Seventh Day kapena Asilamu, funsani kaye woperekera zakudya. Nkhanu ya Dungeness ndiyo inatchukitsa Newport, koma nyengo yomwe asodzi a malonda amaigwira imatsekedwa pakati pa August, ndipo akuluakulu ambiri akwathu amangoiyang'ana n'kufunsa kuti ndiwo zibwera nthawi yanji. Chomwe sichikhumudwitsa munthu wozolowera chambo ndi rockfish, lingcod kapena halibut, yokazinga kapena yowotcha, ndi tchipisi kapena mpunga. Halibut ndiyo yodula. Mbale zake ndi zazikulu, ana awiri atha kugawana imodzi. Kangachepe ka woperekera ndi 15 mpaka 20 peresenti monga kwanu ku Tacoma. Muwafotokozere bambo anu musanalowe kuti asadzaone ngati mwaiwala chenji patebulo. Mawa lake mukadzadya ku Yachats mudzaona 5 peresenti yowonjezera pa bilu. Ndi msonkho wa tauniyo pa zakudya zophikaphika, si kulakwitsa.

Langizo langa lenileni pa nsomba ndi ili: mukatha kudya, yendani padoko muwerenge zikwangwani za pamaboti. Kuyambira July mpaka cha mu October asodzi amagulitsa tuna ya albacore kuchokera m'boti momwemo, yathunthu, ndipo mukaonjezera ndalama pang'ono amakudulirani. Imodzi ikwana banja lanu masiku awiri kapena atatu. Ana nawo aone nyama zija amati sea lion, zomwe zimagona pamatabwa a Port Dock One n'kumauwa ngati agalu. Nsomba imeneyo ndi nsima ya ufa wanu ku Honeyman ndi imene makolo adzaikumbukire kuposa ya ku lesitilanti. Muikazingire panja, patebulo la pakampu. M'kati mwa RV alamu ya utsi imalira msanga, ndipo fungo limakakamira m'makatani mpaka tsiku lobweza galimoto. Nkhuni mugule pakampu pomwepo, musachoke nazo kwanu, chifukwa zimanyamula tizilombo toononga mitengo, ndipo funsani ngati moto ukuloledwa, poti kumapeto kwa chilimwe nthawi zina amauletsa.

Ngati mwapeza ku South Beach, muwoloka mlatho wa Yaquina Bay, womwe unatsegulidwa mu 1936, umodzi mwa milatho ya injiniya Conde McCullough. Ndi wokongola koma unamangidwira magalimoto a nthawi imeneyo, ndipo masana mphepo imakankha RV m'nthiti. Woyendetsa agwire chiwongolero ndi manja awiri, zoona nyanja asiyire ena. Pakampu, musanabwerere m'mbuyo kulowa pamalo panu, tsikani nonse awiri muone pomwe pali bokosi la magetsi, mpopi ndi nthambi za m'mwamba. Wolondolera akhale mmodzi yekha, aime pomwe woyendetsa akumuona pagalasi, ndipo akasowa pagalasi galimoto iime. Zikakhala kuti apongozi akukuwa mbali iyi, mayi mbali iyo, ana kumbuyo, mkamwini amagunda mtengo. Magetsi anu ndi a 30 amp: ketulo, mayikulowevu ndi hita yamagetsi zikayaka pamodzi, zonse zithima.

Mukakhazikika, kusanade, werengani chikwangwani chabuluu cha tsunami. Gombe lonseli lili moyang'anana ndi mng'alu wa pansi pa nyanja wotchedwa Cascadia, womwe unagwedezeka koopsa pa 26 January 1700. Nthaka ikagwedezeka mwamphamvu musadikire wina kuti akuuzeni, ndipo musalize galimoto. Yendani wapansi kupita pokwera. Ku South Beach pothawira ndi pa Safe Haven Hill, kumapeto kwa mlatho uja. Nsapato za aliyense zigone pakhomo. Kenako pitani kumchenga, dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko. Kuno palibe angakuthamangitseni kuti ndi pakhomo pake, chifukwa lamulo la 1967 lomwe anasaina bwanamkubwa Tom McCall linatsimikiza kuti gombe lonse ndi la anthu onse. Koma muwachenjeze makolo kuti ino si nyanja ya ku Mangochi. Madzi ake amakhala madigiri 10 mpaka 13 ngakhale mu August, ndipo pamabwera funde limodzi lalikulu mwadzidzidzi pakati pa ang'onoang'ono. Ana asafulatire nyanja, ndipo asakwere pa zipika zomwe zili pamchenga wonyowa. Funde limazinyamula ngati mapesi.

Pali kanthu kena komwe simunafunse, koma poti ndife amodzi ndikanena. RV ya mafiti 30 amati imagona anthu asanu ndi awiri, koma amene anawerengayo sankadziwa za mkamwini ndi apongozi. Chimbudzi chili pa sitepe ziwiri kuchokera pabedi, chitseko chake n'chopyapyala ngati katoni. M'makampu a boma malo amodzi amalola anthu mpaka asanu ndi atatu, ndipo tenti yaing'ono imaloledwa ngati ikukwana pamalopo. Ku Fred Meyer kuja matenti aliko. Makolo atenge bedi lakumbuyo, ana akwere lapamwamba pa woyendetsa, inu ndi bambo a kunyumba mugone panja. Mugule ndi bulangete lowonjezera, chifukwa m'bandakucha kumazizira ngati ku Dedza mu June.